Tsiku Limene Ndinathira Mchere Nyanja ya Chiuta

Amene akuseka pakona apo aseke ndithu, koma ayambe wandiuza ngati anakwerapo bwato limodzi ndi mbuzi. Inu mukamva pa wailesi kuti sitima yamira kunyanja yaikulu ndi katundu wake yense, mumangopukusa mutu n'kupitiriza kusoka ukonde. Ine ndimavula kofia, chifukwa ntchito imeneyo ndinaigwirapo, ndipo ndinaigwira motsata malamulo onse.

Chinali chaka chimene komboyo, sitima ya pamtunda ija, inayamba kufika ku Entre Lagos, Apwitikizi akadali pano. Mkazi wanga anali atangobereka mwana wathu woyamba, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri, lometa tsitsi ndi kutchula dzina, linali mkuja. Ndinali mkamwini pamudzi pa apongozi anga, Abiti Selemani, m'mbali mwa Chiuta. Mayiwo sankandiyang'ana kumaso, monga mwa mwambo, komanso sankandiwerengera. Ankauza anzawo kuchitsime kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa sukulu, wowiritsa madzi akumwa, woika khutu pachifuwa cha khanda kangapo pa ola kuti amve ngati likupuma. Zimenezo sindikana. Ndiye mayiwo anatuma alamu anga kudzandiuza kuti mbuzi, mpunga ndi mchere wa pamwambowo zichokere kwa ine, aone ngati mapepala amabereka mbuzi. Zikalephereka, aitana amalume a mkazi wanga kuti akambirane ngati ndili woyenera kukhalabe pamudzipo.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Entre Lagos. Mbuzi ndinaipeza pamsika, mpunga ndi mchere ndinagula mu loja ya Mmwenye wina. Munthuyo anali atakhumata, mashelefu a nsalu ali mbee, chifukwa sitima imene inanyamula mabelo ake inakumana ndi namondwe isanafike ku Nacala, mabelowo n'kuponyedwa m'madzi. Pokhala munthu wosamala, ndinamufunsitsa kuti akapitawu a sitima amatani zinthu zikavuta. Anati sitima yopepuka imagubuduka, n'chifukwa chake pansi pake amaikapo miyala. Anati namondwe akakula umataya katundu kuti upulumutse chombo. Anatinso kapitawu satuluka m'chombo ena onse asanatuluke. Ndinalemba zonsezo kuseri kwa pepala lokulungira sopo.

Njira yapamtunda inkadutsa pa posito ya boma, pamene asipayo, apolisi a Apwitikizi aja, ankafunsa chikalata cha ulendo, cha munthu ndi cha mbuzi yomwe, ndipo mbuzi yanga inalibe. Choncho ndinakankha njinga mpaka padooko n'kubwereka bwato. Asodzi anasiya kuyanika nsomba kuti aonerere ndikulongedza miyala isanu ndi itatu pansi pa bwatolo. Mmodzi anafunsa ngati ndikukamanga mzikiti pakati pa nyanja. Ndinapitiriza kulongedza, poti iye anali asanawerenge pepala langa.

Tsopano tcherani khutu. Mphepo inayamba ngati munthu wouzira phala la mwana, ndisanapalase kakhumi inali itazula mabango ndi mizu yomwe, ndipo funde loyamba linandinyamula mpaka ndinaona denga la siteshoni, lachiwiri linandikweza mpaka ndinaona anthu akugula nthochi pamsika wa ku Cuamba, koma lachitatu, Walahi, linandiponya m'mwamba mpaka ndinaona Nacala yense ndi sitima zake zitandanda padooko, kapitawu wina wachizungu n'kuimirira kundichitira saluti, ine n'kubweza ndi nkhafi, mbuzi n'kubweza ndi mchira. Mukumva? Potsika bwato linagunda pansi pa nyanja mwamphamvu, mlamba wokalamba unatuluka m'matope kudzafunsa kuti akugogoda ndani.

Ndinatulutsa pepala, ndinawerenga, ndinaona kuti nthawi yotaya katundu yakwana. Wina anganene kuti ndikanayamba ndi miyala. Munthu wotero sadziwa za panyanja. Miyala inali m'bwato mwalamulo, mpunga ndiye unali katundu. Ndinaugubuduzira m'madzi thumba lonse, ndipo nsomba za mu Chiuta, zimene zinali zisanalaweko mpunga wa mu loja, zinaudya wosaphika, unafufuma m'mimba mwawo, matemba anatupa kukhala ngati mawungu, milamba ngati ng'ombe zapangolo, madzi anasowa pokhala n'kukwera mpaka kumiza zisa za mbalame, ndipo mvuu ziwiri zitaona kuti malo atha zinakwera mu mgwalangwa n'kukhala phee kumeneko zikundiyang'ana.

Bwato linkalowabe madzi. Ndinataya mchere. Abale anga, thumba limodzi lokha, koma unali mchere wa kunyanja yaikulu, wosasukuluka, moti Chiuta yense kuchokera kuno mpaka tsidya la Malawi anasanduka msuzi, achule anasiya kulira ndi ludzu, asodzi mwezi wonse ankavuula nsomba zothira kale mchere n'kumangoziyala pathandala, ndipo fungo lake linatsata njanji mpaka ku Nacala, kumene namgumi wina analinunkhiza n'kuganiza kuti kwatsegulidwa nyanja yatsopano. Anakwera komboyo, kalasi yachitatu, mutu m'ngolo yoyamba mchira m'ngolo yomaliza, anatsikira pa Entre Lagos, asipayo atamufunsa chikalata anangowayetsemulira n'kuwaulutsa zipewa, kenaka anakwawa mpaka padooko n'kudzavuuka pansi pa bwato langa lenilenilo. Mukuti ndinathawa? Ndinamasula chingwe cha mbuzi, ndinachilowetsa m'mphuno mwake ngati ng'ombe, anandikoka kuzungulira nyanja katatu ine ndili chiimire ndikumulangiza njira m'Chipwitikizi, mpaka anatopa n'kupempha kuti ndimumasule akapeze komboyo ya masana.

Mbuzi itaona zonsezi inataya mtima n'kudumphira m'madzi. Ndinatsala ndekha. Bwato linayamba kumira pang'onopang'ono, ine nditaima njo, pepala m'kamwa kuti lisanyowe, ndikuganiza za mwana wanga amene adzakule osadziwa kuti bambo ake anali munthu wotani.

Apa ndinene zonse, poti alamu anga ali pomwepa ndipo akunditulutsira maso. Bwatolo linamira pang'ono n'kuima. Linakhala pamatope. Kenaka ndinamva khuvu, khuvu, munthu akuyenda m'madzi. Anali Abiti Selemani, dengu la chinangwa pamutu, nsalu yawo ya kapulana atakwinyira m'mwamba, madzi akuwalekeza m'maondo. Ankachokera kumunda wa kudambo, ndipo mudzi unali apo, nkhuku zikumveka. Sakanatha kulankhula nane maso ndi maso, choncho anagwira mbuzi khutu, anandifulatira, n'kuyamba kulankhula nayo.

"Iwe mbuzi, tawafunsa akapitawu akowo, mpunga uli kuti?"

Inenso ndinayang'ana mbuzi. "Uwauze amayi kuti watayidwa monga mwa lamulo la panyanja."

"Nanga mchere?"

"Uwauze kuti chimodzimodzi."

Anasuzumira m'bwato osatembenuza khosi kwenikweni. "Tsono miyalayi ndiye tiphikire alendo? Uwafunse ngati amaikonda yokazinga."

Anaitulutsa umodziumodzi ndi dzanja limodzi, dengu lili pamutu, bwato n'kuyandama lokha. Ine sindinatsike. Kusukulu tinaphunzira kuti madzi a m'mabango ali ndi likodzo, ndipo bambo wa khanda la masiku asanu sayenera kudwala. Ndiye anamanga chingwe kumphuno kwa bwato n'kundikoka mpaka kumtunda, mbuzi kumanja, ine kumanzere, mudzi wonse utaima pagombe.

Mwambo unachitika tsiku lake. Mwana anametedwa, anatchedwa Asiyatu, alendo anadya mbuzi ndi chinangwa, mchere wake wopempha nyumba ndi nyumba. Amalume anabweradi. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anamva mbali ya apongozi, anamva yanga ndi namgumi yemwe, anapempha kuona pepala la sopo lija ngakhale sankadziwa kuwerenga. Wamkulu wawo anapukuta misozi ndi mkanjo n'kugamula kuti mkamwini akhale, chifukwa munthu wofika ndi mbuzi wafika, koma asadzagwirenso nkhafi, ndipo katundu wa pamudzipo azimusenza pamutu ngati anthu ena onse. Ndimasenzabe mpaka lero.

Choncho musandiuze za sitima zomira. Katundu anatayika, inde, koma chamoyo chilichonse chimene chinakwera bwato langa chinafika, ndipo si akapitawu onse a ku Nacala amene anganene mawu amenewo. Za maondo zija ndavomera, madzi ankawalekezadi m'maondo. Koma inu a masiku ano simunawaone Abiti Selemani. Mayi amene uja ankafolera denga la nyumba atagwada.