Thonje la pulatinamu ndi chithunzi cha pakhoma

Mpaka lero ndikamva fungo la sipiliti ndimagwira nsidze. Ndinali mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina kufupi ndi Ngara, mwana wa ku Dedza wotopa ndi kutentha kwa Karonga. Nditamva kuti woyendera sukulu akubwera, ndinaona mwayi: ndikamusangalatsa, andithandiza kusamukira kwathu.

Ndinasankha phunziro la katalisiti, kanthu kofulumizitsa kusintha kwa zinthu koma iko kosasintha. Tinali ndi kathonje kosapsa, kopakidwa ufa wa pulatinamu. Ukakafunditsa n'kukaika pa nthunzi ya sipiliti, kamafiira kokha ngati khala. Nditayeserera m'mawa kukuzizira, kanafiira mwaulemu.

Bwanayo anafika masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinafotokoza monyada kuti kutentha ndi kuchuluka kwa nthunzi kumawonjezera liwiro (mawu angawa ndikanawamvera ndekha). Kathonje kanachedwa pang'ono, bwana n'kuyang'ana wotchi. Mtima unandipsa. Ndinathira sipiliti wina, ndinakawotcha kathonje mpaka psuu, n'kuweramira pabotolo la sipilitiyo.

Phuu! Nsidze zinapita. Lawi linagwira mapepala a zojambula amene ndinapachika pabolodi, utsi n'kukwera molunjika pa chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko. Galasi lake lonse bii ndi mwaye. Masiku amenewo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, ndipo ndinachita mantha enieni.

Ahedi, a Mwangonde, anazimitsa moto ndi jekete lawo, akunong'ona mosakaniza ndi chinenero chakwawo, mano ali gwa: "Asambizgi, bola mukanawotcha sukulu yonse, kweni chithunzi ichi yayi. Pukutani luwiro, msanga!"

Ndinakwera pampando n'kupukuta ndi tayi, uku ndikupepesa chithunzicho mokweza (chifukwa chake musandifunse). Nditatsika ndinapeza bwana atavula magalasi, akuwapukuta pang'onopang'ono.

"Maso angawa amavuta, aphunzitsi," anatero. "Chilowereni muno sindinaone kalikonse."

Ndinatsala pang'ono kumugwadira. Pomuperekeza kugalimoto ndinalimba mtima n'kufunsa za kusamuka kuja.

"Ndikanene kuti mumaphunzitsa bwino? Ndiye kuti ndinaona. Mukufuna ndikhale kuti ndinaona?"

Ndinati ayi.

Nditabwerera m'kalasi ndinakapeza kathonje kali pansi, kabwinobwino, monga momwe buku limanenera. Ine ndinakhala ku Ngara mpaka imvi, thukuta lili kamukamu, ndipo nsidze ya kumanzere sinamerenso.