Mafani Awiri a Galimoto pa Kompyuta Yanga

Lolemba

Yazimanso. Kachitatu lero! Ndili pa kona yomaliza, galimoto yanga yofiira ili patsogolo pa onse, kenako pagalasi bii. Bokosi la kompyuta likutentha ngati mbaula. Okutobala wa ku Chipata alibe chisoni, ndipo kafani kam'kati kakungopuma wefuwefu.

Kompyuta iyi ndinaimanga ndekha, chidutswa ndi chidutswa, atatichotsa ntchito ku kampani. Bokosi la pa okushoni, zam'kati za ku Lusaka. Anzanga anagula njinga zonyamulira anthu, ena mbuzi. Ine ndinaona patali: anthu azidzabwera kudzathamangitsa magalimoto pagalasi. Mpaka lero wothamangitsa ndine ndekha.

Amake Tisa akuti Loweruka makolo awo akubwera kuchokera ku Chiparamba kudzaona "chimakina chimene chinadya penshoni." Akuti: "Chikazima pamaso pa atate, ine ndi Tisa tikwera nawo basi imodzi. Ndatopa kukuikirani kumbuyo."

Sakuseka. Ndawayang'ana kawiri.

Lachiwiri

Zofunika:
fani yamphamvu
ina yamphamvu kuposa imeneyo
mkazi wokhulupirira mwamuna wake

Chachitatucho m'sitolo mulibe. Zoyambazonso mulibe. A Yusufu, eni sitolo, akuti timafani ta kompyuta tibwera kuchokera ku Lusaka "mwezi wa mawa, Mulungu akalola." Apongozi sadikira mwezi wa mawa.

Ndayesa thaulo lonyowa pamwamba pa bokosi. Yazima. Ndayesa kukupiza ndi lichero, dzanja lina lili pa mabatani. Galimoto yagwera m'dzenje, kompyuta yazimabe.

A Daka amakanika akundiseka pagalaja pawo. "Injini ikatentha timaipatsa mphepo, bwana. Nanga kompyuta ndiye ndani?" Akuti ku Mwami kuli galimoto imene inafera pa boda, mafani ake awiri a magetsi akadali amoyo. Munthu wanzeru ameneyu, ngakhale sasamba m'manja.

Lachitatu

Ku Mwami pa minibasi, nkhuku ya mwini ili pamiyendo panga ulendo wonse. Mafani ndabwera nawo onse awiri. Kukula kwake ngati chivundikiro cha mphika wa pamaliro.

Vuto: bokosi lilibe bowo loti fani ikhalepo. Ndapita nalo kwa wokhoma zidebe kumsika. Tchizulo, hamala, kho! kho! kho! Akumenya bokosi, ukuwawa ndi mtima wanga. Akundifunsa ngati ndikufuna aikenso chogwirira pamwamba. Chitsiru.

Bowo latuluka lokhota, m'mbali mwake mano okhaokha. Chala chachikulu ndadzicheka. Fani imodzi ndamangirira ndi waya. Magetsi a m'kompyuta sangaiyendetse, choncho a Daka andibwereka batire ya galimoto. Ili pansi kuseri kwa chitseko, chifukwa amake Tisa akana kuti asidi ayandikire nsalu yawo ya patebulo.

Iwo akukolopa nyumba ngati kukubwera bishopu. Sakundifunsa kalikonse. Kusafunsako kukundiwawa kuposa chala.

Lachinayi

Zatheka!!

Ndalumikiza mawaya. Vuuuu! Kalendala yachoka pakhoma. Madisiketi onse pansi. Tisa wathawira kuseri kwa amake. Koma bokosi lazizira ngati mtsuko. Mipikisano isanu, osazima!

Phokoso lilipo, sindikana. Magalimoto a mu gemu sakumveka n'komwe. Masana kwabwera azimayi awiri ndi matumba a chimanga pamutu, akufunsa ngati chigayo chatsegulidwa. Ndawabweza. Mmodzi akuti, "Nanga mukugaya chiyani?" Anthu osaona patali.

Amake Tisa atopa kufuula, andilembera kapepala m'nyumba mwathu momwe muno. Aika patebulo. Kauluka ndisanawerenge.

Lachisanu

Dzuwa laposa ladzulo. Yazima kamodzi. Kamodzi kokha, koma mawa kamodzi n'kokwanira kunditengera mkazi ndi mwana.

Fani yachiwiri basi, yotulutsa mphepo mbali inayo. Kwa wokhoma zidebe kachiwiri. Akuti bokosi latsala mabowo okhaokha. Ndamufunsa ngati anaphunzira za makompyuta. Wangoti kho! kho!

Tsopano bokosi likuyenda lokha patebulo. Ndalimanga ndi malegeni. Thadzi la a Tembo, eni nyumba, lasiya mazira amene limafungatira, ndipo akuti mlanduwo ndi wanga. Thadzi laulesi kale limenelo.

Amake Tisa andipatsa malamulo a mawa:
kukhala patali ndi amayi awo
osawayang'ana m'maso
kulankhula motsitsa

Ngati sindinakulire kumudzi! Zaka zinayi ndili mkamwini. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, moni ndimapereka nditanyonyomala. Palibe anadandaulapo za ulemu wanga.

Loweruka

Sindikufuna kulemba. Ndilembabe.

Afika m'mawa ndi nkhuku ndi kathumba ka nshawa. Moni wayenda bwino, maso anga ali pansi. Atate akhala pampando. Amayi pamphasa cha kuchitseko, atatambalala, kutali ndi ine monga mwa mwambo. Kutali ndi ine, inde, koma moyang'anizana ndi fani yachiwiri. Ine zimenezo sindinaganizeko. Mtima wonse uli pakuti isazime.

Ndapota mawaya patebulo. Vuuuu!

Duku ya amayi yauluka, imvi zonse poyera. Chitenje chakwera mpaka m'maondo, iwo akulimbana nacho ndi manja awiri. Izi ndauzidwa pambuyo pake, chifukwa ine maso ali pagalasi, ndili patsogolo pa onse. Atate akunena kanthu kumbuyo kwanga. Sindikumva. Abwereza. Andigwira paphewa. Ndipo ine, mwana wa munthu, osacheuka n'komwe, ndakuwa ndi mawu anga onse:

"DIKIRANI, NDATSALA PANG'ONO!"

Kukuwira apongozi. M'nyumba mwanga. Mkazi wanga akuona.

Nditacheuka ndaona maondo amene mkamwini sayenera kuwaona mpaka kufa. Ndagwira waya wa patebulo kuti ndizimitse, watentha, sakugwirika. Kwatsala kuzula ku batire. Batire ili kuseri kwa chitseko. Pakati pa ine ndi chitseko pali amayi.

Ndalumpha miyendo ya apongozi anga aakazi. Yonse iwiri.

Ndazula waya ku batire. Zii.

Atate atola duku pansi pa tebulo, aikung'untha fumbi, apatsa akazi awo. Akuti, motsitsa kwambiri: "Makina tawaona. Ndi amphamvu ndithu. Mkamwini tamuonanso."

Chakudya adyera panja pansi pa mtengo wa mango. Ine sanandiitane. Pagalasi palembedwa kuti ndine woyamba. Sinazime ngakhale kamodzi.

Lamulungu

Akwera basi ya m'mawa, onse anayi. Amake Tisa akuti akukathandiza kusosa m'munda mvula isanagwe. Munthu wokasosa satenga mapoto onse ndi khadi ya mwana ya ku sikelo.

Pa siteshoni ndawakumbutsa pangano lathu. Anati ikazima apita. Sinazime! Akonza chitenje cha Tisa kumsana, akuti:

"Bola ikanazima, atate ake Tisa."

Atate akuti ndikafuna kulankhula nditume ankhoswe, "munthu wa mawu otsika."

Kutchalitchi sindinapite, nkhani yanditsogolera kale kumeneko. M'nyumba muli zii woti ndikumva ntchentche ikuyenda pawindo. Zikundiwawa, ndipo palibe woti ndimuloze chala, ngakhale a Daka ndayesa kuwaganizira.

Anthu akuweruka ku Misa, akudutsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse. A Tembo aima pawindo, manja kumbuyo. "Odi muno! Kodi alamu ali kuti lero?"

Ndalumikiza mafani onse awiri. Akufunsabe. Ine sindikumva.