Makabudula a Tsiku Loyamba la Chilimwe

Wolemekezeka Wapampando wa Komiti ya Zikondwerero m'dera lathu lino la ku Reykjavik,

Kalatayi ndikulemba ndi zala zisanu ndi zitatu. Ziwiri zinazo zinauma ndi kuzizira, ndipo zikadaganizabe ngati zibwerere pantchito. Ndine Steinunn, mayi uja woimba lipenga lalikulu kumbuyo kwa bandi, amene mumamubayibitsa muli pawindo.

Ndati ndikuthokozeni. Kwa zaka makumi anayi, pa Lachinayi lija la mu Epulo limene kalendala imati ndi Tsiku Loyamba la Chilimwe, takhala tikuguba titavala majuzi aubweya wa nkhosa ngati anthu osazindikira. Inu mutabwerako kokaothera dzuwa ku Tenerife munaona kuti tikuchititsa manyazi chilimwe, ndiye chaka chatha munatigulira makabudula oyera, malaya amanja aafupi ndi zipewa zaudzu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha zipewazo. Mphepo inazitenga tisanamalize nyimbo yoyamba, ndipo asodzi akuti zina anakumana nazo zikulowera ku Norway.

Chachiwiri, makabudula. Sitinkadziwa kuti mawondo a Bergur, woimba ng'oma uja, amatha kugundana motsatira nyimbo. Matalala atayamba, anthu anawomba m'manja poyesa ndi luso latsopano. Bergur anagona m'chipatala masabata awiri ndi chibayo, komabe luso analionetsa.

Chachitatu, munatikumbutsa kuti chisanu chikagwa m'bandakucha wa tsikuli ndiye kuti chaka chikhala chabwino. Zoona, makolo athu ankatero. Koma ankanena zimenezi atavala, bwana.

Pandekha ndilibe dandaulo. Mlomo wanga unamatirira kulipenga chifukwa cha kuzizira kuchokera patchalitchi mpaka pasukulu, moti mnzanga Hildigunnur anachita kuwumatula ndi khofi wotentha. Masiku atatu osayankhula. Mwamuna wanga akupereka moni, akuti mtendere wotero sanawuonepo.

Chondiwawa ndi chimodzi. Bandiyi anayambitsa ndi malemu bambo anga. Tinalipo khumi ndi asanu ndi atatu, tatsala asanu ndi awiri, ndipo anayi andiuza tili m'dziwe la madzi otentha kuti akangoonanso kabudula Lachinayi likubwerali, abweza malipenga. Anthu atatu si bandi. Ndikaganiza zimenezi misozi imalengeza, ndipo apa sindikuseka. Phiri la Esja likadali loyera mbee ndi chipale chofewa, bwana. Limaonekanso bwino kuchokera kunyumba kwanu.

Sindikupempha kuti mutibwezere majuzi. Ndine yani ine wotsutsana ndi kalendala? Pempho langa ndi laling'ono. Wonyamula mbendera wathu anasiya nawo, ndiye tagwirizana kuti ulemu umenewu ugwere inu. Muyende patsogolo pathu makilomita atatu onse, m'mbali mwa nyanja, mutavala yunifolomu imene munasankha nokha. Mukakafika kumapeto mukunenabe kuti ndi chilimwe, tonse tidzavala mpaka kalekale. Kabudula wa saizi yanu ndamusita kale.

Ine wanu wonjenjemera ndi ulemu,
Steinunn Hallgrímsdóttir