Bafa la a Tiyese Kaye

A Tiyese Kaye sankagula chinthu ndi maso. Dzinalo tinawapatsa ndife ogulitsa m'sitolo ya katundu wa m'nyumba, ndipo linawakhala mpaka lenileni tinaliiwala. Anali telala wopuma ntchito, wamfupi, wadazi, tepi yoyezera ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Ukawaonetsa chinthu, yankho linali limodzi: "Tiyese kaye, mwanangu."

Matiresi anawayesa pogonapo kuyambira m'mawa mpaka masana, mkonono uli pakati pa sitolo. Ambulera anaitambasula n'kundiuza kuti ndiwathire ndowa ya madzi pamutu. Ndinawathiradi, ndipo sindinama, ndinathira ndi mtima wonse.

Koma chimene chinatimaliza ndi bafa lopopa. Ndi bafa lija lozungulira, lofewa, limene umalipopa mpweya n'kuliika pakhonde. Lili ndi kamakina kake kotenthetsa madzi ndi kutulutsa thovu, ndipo ukafuna kusamuka umangoliphwetsa n'kulipinda. Akazi a a Tiyese ankadwala nyamakazi, maondo ndi zala zitauma, ndipo dotolo anati madzi ofunda angawachepetsereko ululu. Mdalayo ankafuna bafa limene mayiwo angamalowe ndi kutulukamo okha, popanda wowagwira dzanja.

Tinali ndi mabafa atatu oonetsera, opanda madzi. Ine ndinayamba ndi lalikulu.

"Ili mumalowa anthu asanu ndi mmodzi, abambo."

"Enawo ndi ndani? Ine ndinakwatira mmodzi."

Mawa lake anabwera ndi mpango wa akazi awo. Anavula nsapato, n'kudzimanga mpangowo m'miyendo yonse iwiri, kusiya kampata kochepa kamene anayeza ndi tepi.

"Mwendo wa mayi anu umakwera kufika apa basi," anatero. "Ndiye lero ine ndine iwowo."

Anayenda monyang'ama mpaka pa bafa lachiwiri, lalitali lokongola, lobiriwira. Anakweza phazi, phazilo linakodwa m'mphepete, munthu wamkulu n'kugwera m'katimo chadodolido. Kunja kunangotsala masokosi. Ogula anafa nalo phwete, bwana wathu anatuluka mu ofesi akuthamanga.

"Mwavulala, abambo?"

"Ine ayi," mawu anamveka kuchokera pansi. "Koma mayi anu athyoka chiuno. Ili ayi."

Tsiku lina anavula magalasi kuti aone mabatani monga amaonera akazi awo. Anadina lolakwika, makina n'kubangula, mayi wina amene ankasankha makatani n'kutaya chikwama. Chivundikiro cha bafa ankachinyamula ndi zala ziwiri zokha, poti mwa zala za mayiwo ndi ziwirizo zimene zinkagwirabe. Mafunsonso anali osatha. Madzi atenga maola angati kuti afunde? Magetsi akazima mkazi wanga ali m'katimo? Potaya madzi, sasefukira kwa aneba? Bwana ankafuna kuwaletsa kubwera, koma ataona kuti anthu odzaonerera akutuluka ndi mapilo ndi mabeseni, anawapatsa mpando. Mpandowo anayamba auyesa kaye.

Zinatenga milungu itatu. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo nkhonoyo ndinali nditatopa nayo.

"Abambo, tengani lalitalili tipume. Madzi ake amafika m'mapewa. Amayi muziwanyamula, si akazi anu?"

Anandiyang'ana, n'kuwerama kumasula mpango uja mosapupuluma.

"Ndawanyamula zaka zinayi, mwanangu, ndipo salemera. Koma adotolo andipima mtimawu. Akuti watopa, sufika nane patali."

"Amayi akudziwa?"

"Akudziwa. Sitikambapo."

Manyazi anandigwira, ndinasowa poika nkhope. Munthu amene tinkamuona ngati sewero laulere ankakonzekera tsiku limene sadzakhalapo. Ndinawalanda mpangowo, ndinadzimanga ndekha, n'kupita pa bafa lachitatu, laling'ono, lotuwa, limene linakhala chaka popanda wolifunsa. Linali lalifupi, m'mphepete mwake motakata. Ndinakhalapo, n'kulowetsa mwendo umodzi, kenako winawo. Ndinatulukanso chimodzimodzi.

"Bwerezanso," anatero a Tiyese.

Ndinabwereza kakhumi, ndipo sindinadandaule.

Anatenga lomwelo. Ndinapita nawo kukalipopa pakhonde pawo, pakati pa miphika ya maluwa ndi makina akale osokera. Patangotha miyezi itatu, a Tiyese anatisiya. Anagona pang'ono masana atamwa tiyi, osadzukanso.

M'sitolo muno masiku ano muli zii. Anthu amangoloza chinthu ndi chala, kulipira, n'kumapita. Ena amagula bedi osalikhudza n'komwe, ndipo ine amandikwiyitsa, sindibisa. Ndimawasowa madala aja kuposa mmene ndinkaganizira.

Mlungu wathawu ndinawapititsira mayi aja sefa yatsopano ya madzi. Ndinawapeza ali m'bafa, nthunzi ili tolotolo, maso atatsinzina. Atandiona anadzikweza n'kukhala m'mphepete. Ndinatambasula dzanja, koma anakana. Anatulutsa mwendo umodzi, kenako winawo, n'kuimirira.

"Likukuthandizani, amayi?"

"Maondo apepuka. Ndimalowa ndekha, ndimatuluka ndekha, monga ankafunira bambo ako."

Anadzipukuta kumaso ndi thaulo nthawi yaitali, kuposa mmene madziwo ankafunira.

"Koma usauze munthu, mwanangu. Ine ndinkafuna lalitali limene anagweramolo. Ndinkafuna azindinyamulabe."