Mizere ya Pamimba Panga

Ku Kaomba konse palibe amene amandiposa kuwongola mizere ya fodya. Ndanena izi poyamba kuti mukamaseka, muziseka mwaulemu.

Atandipeza ndi khansa kunsi kwa chikhodzodzo, ndinadikira miyezi kuti ndipeze malo pa makina owotcha chotupa, kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Tsiku litakwana anandimwetsa madzi mpaka mimba kuti ndendende, nandijambula m'kati. Kenako mayi woyendetsa makinawo anandilemba timitanda titatu, kamodzi pansi pa mchombo, tiwiri m'chiuno.

"Bambo, timeneti tisafufutike," anatero mayiyo. "Lolemba tidzakugonekani potsata timitandati, tikujambuleninso, ndipo chithunzicho chiyenera kugwirizana ndi cha lerochi. Zikapanda kugwirizana, sitiwotcha."

Ndinavomera. Koma Lachisanu la sabata yomweyo uthenga unafika kuti feteleza wa sabuside wabwera, ndipo amafuna mwiniwake ndi chitupa chake. Inuyo mukanatani? Ndinakwera basi.

Dzuwa la Novembala la ku Kasungu mukulidziwa. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, kenako ndinakankha matumba awiri panjinga mpaka kunyumba, thukuta lili kamukamu. Povula malaya, mayo ine! Kamtanda kamodzi kanali katapita, tinato tikungooneka ngati pomwe pakhala ntchentche. Mantha anandigwira, osanama ayi. Malo aja ndikanawapezanso liti?

Pamenepo ndinakumbukira maka yolembera mabelo a fodya, yomwe inali itatsomekedwa kudenga. Ndinaitana akazi anga, Nabanda, kuti abwere ndi chingwe chowokera fodya.

"Abambo, imbirani foni kuchipatala," anatero.

"Foni ya chiyani? Inu gwirani uko, mukoke."

Titakoka chingwe, ndinaona zodabwitsa: timitanda ta mayi uja tinali tokhota! Ka kumanja kanali m'mwamba pang'ono. (Munthu wophunzira chonchija, koma mzere osautha.) Ndinatiwongola tonse titatu, n'kuwonjezako kachinayi kuti pakhale bwino. Nabanda anangopukusa mutu, nati iwo asatchulidwe.

Lolemba ndinagona pa makina monyadira. Nyali zofiira zinagwera pa timitanda tanga ndendende. Makina anazungulira, naima. Mayi uja analowa, nasuzumira pamimba panga nthawi yaitali.

"Bambo, ine ndinalemba titatu."

"Tinaswana," ndinatero. (Sindikudziwa chinandilowa.)

Sanaseke. Anaitana adokotala, ndipo iwo ananditengera pa kompyuta ndili chigwirire buluku. Anasanjikiza zithunzi ziwiri, cha tsiku loyamba ndi chatsopano, koma mafupa anali pawiripawiri ngati a anthu awiri.

"Za m'mimba sizikhala malo amodzi, bambo," anatero adokotala. "Chikhodzodzo chikadzaza chimakankha chotupa, matumbo akafufuma amachikankhanso. Nchifukwa chake timajambula tsiku lililonse n'kugwirizanitsa. Kusiyana pang'ono timakonza, koma apa mwatisunthira munthu yense."

"Komatu mizere yanu inali yokhota."

"Wokhota ndinu, bambo. Chiuno chanu chinapendekera kumanja, mwina ndi khasu. Ife tinalemba motsata thupi lanu."

Analoza pomwe moto wa makinawo ukanagwera tikanatsata ntchito yanga. Panali pa matumbo abwinobwino, chotupa chili pambali phee.

Anati tiyambirenso zonse, ndipo malo anga anapatsa bambo wina wa ku Dowa amene ankadikira pabenchi. Masabata atatu amene ndinadikiranso ndinkagona ndikumva ngati chinthucho chikukula. Nabanda sananene kuti "ndinakuuzani", ankangondiikira madzi osamba n'kuchoka, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa mawu.

Ulendo wachiwiri mayi uja sanabwere ndi cholembera. Anabwera ndi singano, nandiboola timadontho titatu tosafufutika, kwinaku akufunsa ngati kunyumba kwatsala maka ina. Ndinawotchedwa masiku onse amene anandilembera, ndipo lero ndikulima.

Maka ija Nabanda anaiponya m'chimbudzi. Timadonthoto ndidzapita nato kumanda, ndipo ndikamasamba ndimationa: ka kumanja kadakali m'mwamba. Ndavomera kuti kukhota kumeneko ndiko kunandisiya ndi moyo. Koma wina asadzandiuze kuti mzere wanga uja sunali wowongoka.