Maliro Omwe Anandichotsa pa Utcheyamani

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda. Koma poti mnzanga Che Jafali ayamba kale kuifalitsa, akuthiranso mchere wawo, bola ndiinene ndekha. Sekani, ndakulolani. Ine manyazi anandithera Lachisanu lija ku Al Khulaifat.

Ndimagwira ntchito ya security pa hotela ina ku Al Dafna, mu mzinda wa Doha. Ntchito yanga ndi kuima pakhomo n'kumatsegulira ma-delegate a masuti onunkhira omwe amabwera kudzachita misonkhano ya mtendere. Ukamaima pakhomo lotere, nzeru za dziko lapansi zimakugwera zokha ngati fumbi. Anzanga ananditcha Kazembe. Iwo ankandinyoza, koma ine ndinkavomera ndi mtima wonse.

Ndinalinso tcheyamani wa gulu lathu la Amalawi, lothandizana pa matenda ndi pa maliro. Chisankho chinali pafupi, ndipo mpando wanga unkagwedezeka. A Msiska, accountant wa magalasi uja, ankaufuna. Ma-nurse anali atayamba kale kunena kuti tcheyamani wathuyu ndi pakamwa basi. Ngakhale ma-driver, omwe anandiika pampandowo, ankati akuganiza kaye. Ndinkafuna chinthu chimodzi chachikulu choti anthu aone kuti mtsogoleri ndi ndani.

Nthawi imeneyo n'kuti nkhani ya nkhondo ya ku Ukraine itavutanso. Dziko lalikulu lomwe linkatsogolera thandizo linkaoneka kuti latopa, a ku Ulaya ali pikitipikiti ndi misonkhano, wina kuloza mnzake chala. Ine ndinkafotokoza zonsezi m'basi yopita ku duty, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Tsono pa hotela pathu pali mkulu wina wophika makeke, dzina lake Tarasi, wa ku Ukraine komweko. Munthu wamtima wabwino, makeke otsala amatisungira ife a pakhomo. Mkazi wake ndi mwana anatsala kwawo.

Masana ena ndikuzungulira kuseri kwa khitchini, ndinampeza atakhala pa kireti, akulira ngati mwana. Pa foni pake panali chithunzi cha mkazi wake, iye n'kumachipsompsona. Anzake a m'khitchini ankamukumbatira mmodzimmodzi. Mawa lake sanabwere ku ntchito. Supervisor anangoti, "Family matter." Kenako ogulitsa maluwa anafika pakhomo panga ndi maluwa oyera mbee, pa dzina la Tarasi.

Abale, kwathu munthu akamalira sumufunsa kuti wamwalira ndani. Umangodziwa. Ndipo ine, ndi nkhani zonse zomwe ndinkazitsata, ndinadziwa.

Ndinauza Che Jafali, driver wa basi yathu, mnzanga wa pamtima.

"Bomba lapha mkazi wa Tarasi."

"Inna lillahi! Wakuuzani yekha?"

"Andiuze bwanji munthu ali pa chisoni?"

"A Kazembe, koma mwafunsa?"

"Kufunsa chiyani, Che Jafali? Thandizo laima, mabomba akugwa, munthu akulira ndi chithunzi m'manja. Mukufuna mpaka muone bokosi?"

Ndinalemba uthenga pa group kuti m'bale wathu waferedwa, Lachisanu tonse tikapepese. A Msiska anayankha msangamsanga: "A Chair, bwanji tichite kaye confirm?"

Hee! Anandipatsa mpata womwe ndinkaufuna. Ndinalemba kuti: "Vuto la atsogoleri a masiku ano ndi limeneli. Anthu akufa, iwo ali confirm, confirm, meeting, meeting. Ife Amalawi pa maliro sitifunsa passport!"

Group yonse inaombera m'manja. Ndinaona mavoti anga akubwerera okha ngati nkhuku madzulo.

Lachisanu m'mawa basi ya Che Jafali inadzaza. Mayi Gondwe, mkulu wa ma-nurse komanso woyambitsa nyimbo, anabwera ndi anzawo, zitenje m'chiuno, mipango kumutu. Ananyamula ngakhale ufa wawo woyera wochokera ku Mzimba, womwe ankaubisa pansi pa bedi. Ena shuga, ena masamba a tiyi. Nkhuni zokha ndi zomwe tinasowa, Doha ilibe nkhuni. Ife amuna tinavala majekete, kutentha kuli ng'aa. A Msiska anabweranso, anakhala kumbuyo.

Titafika ku Al Khulaifat komwe Tarasi amakhala, mlonda wa pa geti, bambo wa ku Sudan, atationa anaimirira.

"Fi mushkila?" anafunsa, kutanthauza kuti kodi pali vuto.

"Funeral, habibi," ndinatero, ndikuloza kumwamba.

Anagwira pamtima n'kutitsegulira. Lift tinaisiya, pa maliro simuthamanga. Tinakwera masitepe pang'onopang'ono, Mayi Gondwe atayambitsa nyimbo ya maliro ija yomwe imaliza ngakhale munthu wongodutsa. Zitseko za anthu zinayamba kutseguka.

Tarasi anatsegula ali mu kabudula ndi epuloni, manja ali ufa wokhawokha, maso ali psuu.

"Ambassador? What is this?"

Ndinangomugwira dzanja ndi manja awiri, nkhope pansi, n'kulowa. Enanso chimodzimodzi, mzere wonse.

Mukudziwa kuti kwathu pa maliro mipando imatuluka m'nyumba kuti azimayi akhale pansi. Ndinakodola anyamata a ma-driver, ndipo sofa inanyamuka.

"My sofa! Where are you taking my sofa?"

"Mafi mushkila, palibe vuto, m'bale wanga, ndi mwambo. Iwe khala pansi."

Sofa inakagona pa corridor, tebulo pamwamba pake. Azimayi anayala zitenje n'kukhala, miyendo tambalale. Tarasi tinamukhazika pakati, pansi pomwepo, akungotembenuza mutu uku ndi uku.

Che Jafali anandinong'oneza: "A Kazembe, mabaluni awa bwanji?"

Zoonadi, padenga panali mabaluni ofiira ndi achikasu.

"Azungu ali ndi kaliridwe kawo."

"Nanga keke iyo?"

"Munthu wosweka mtima amachita zomwe manja ake anazolowera. Khalani chete, mukundisokoneza."

Nyimbo itatha ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, n'kutsokomola monga amachitira ma-delegate aja. Ndinalankhula m'Chingerezi chomwe ndinakhala ndikuchikonza sabata yonse pakhomo la hotela.

"M'bale wathu Tarasi, tamva. Mayiko akuluakulu akukutayani. Omwe ankati ali nanu mpaka mapeto, lero akuyang'ana kumbali. Koma ine, monga tcheyamani, ndikuti Malawi sakutayani! Ndege za nkhondo tilibe, akasinja tilibe, koma shuga tabwera naye!"

"Eeeh!" anavomera azimayi.

Tarasi anatsegula pakamwa kuti alankhule. Ndinamuletsa ndi dzanja. Woferedwa salankhula.

Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha mkazi wake. Ndinachiloza.

"Mayi awa sitinawaone ndi maso athu, koma taonani nkhopeyo. Anali mayi wabwino. Anali mayi wachikondi. Apita akadali ndi mphamvu zawo. Mzimu wawo uuse mumtendere!"

Mayi Gondwe anakweza mfuu woti ngakhale a ku dera lina la Ras Abu Aboud anaumva. Inenso misozi inalengeza, kwinaku ndikuwerenga mumtima anthu omwe andivotere.

Nthawi yomweyo chitseko cha kuchipinda chinatseguka.

Munatuluka mzimayi, thaulo kumutu, maso a tulo, atagwira kamtsikana pa dzanja. Mayi Gondwe anayang'ana mzimayiyo. Anayang'ana chithunzi. Anayang'ananso mzimayiyo.

"Mayo ine! Mzukwa!"

Abale inu! Ma-nurse, anthu oti mitembo amaiona tsiku ndi tsiku, ndi omwe anayamba kuthawa. Koma athawira kuti? Pa corridor tinatseka tokha ndi sofa! Wina anaikwera, wina anakwawa pansi pa tebulo, shuga waa pansi ponse. Che Jafali anamamatira khoma akupemphera mokweza. Ine ndinangouma pomwepo, chala chikadali pa chithunzi.

"Ambassador," anatero Tarasi, "this is Oksana. My wife. Yesterday, airport."

Visa yomwe anaidikira nthawi yaitali inali itatuluka. Tsiku lija pa kireti ankalira ndi chimwemwe. Maluwa aja anali okalandirira mkazi wake ku airport. Maso ofiira aja n'chifukwa chochezera kuphika keke.

Anafotokozera mkazi wake m'chinenero chawo. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuphulika kuseka, mpaka anakhala pansi pa chitenje cha Mayi Gondwe. Ine ndinkangopempha kuti pansi pang'ambike ndilowemo, koma tinali pa nsanjika yapamwamba.

Tarasi naye anaseka, koma kenako anasiya. Anandigwira dzanja mwamphamvu. Anati mng'ono wake akadali komweko, ku nkhondo, ndipo foni ikalira mtima wake umaima. Anati chikhalireni m'nyumba imeneyi palibe anagogodapo kudzafunsa za kwawo, koma ife tabwera basi yonse, ndi shuga. Anayambanso kulira. Kunena zoona zinandikhudza kwambiri, mpaka ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambitsenso nyimbo. Che Jafali anandiponda phazi.

"Khalas, zakwana, a Kazembe. Khalas!"

Tinabweza sofa, tinasesa shuga, tinadya keke ya malemu pamodzi ndi malemuwo. Mlonda wa ku Sudan anafika ndi botolo la khofi kudzapepesa, n'kupeza tikujambulitsa ndi mabaluni. A Msiska anangodya keke mwaulemu, akupukuta magalasi. Chete wawo uja anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Pa tsiku la chisankho mgwirizano wanga wonse unaphwasuka. Ma-nurse anati sangatsogoleredwe ndi munthu wowakweretsa sofa. Mayi Gondwe anaima n'kunena kuti thandizo lawo la ufa libwezedwe, poti linaperekedwa pa maliro omwe kunalibe. Ufawo n'kuti Oksana atayesa kale kuphikira zitumbuwa za kwawo, zomwe zinakanika. Pokweza manja, ndinaona ngakhale dzanja la Che Jafali lili m'mwamba kumbali ya a Msiska.

"Che Jafali, inunso?"

"Ubale ulipo, a Kazembe, sunathe. Koma panopa ndikuyang'ana kaye zokomera ma-driver."

Mawu omwewo omwe ndinkawamva kwa ma-delegate!

A Msiska, poti ndi munthu wachifundo, sanandisiye manja lende. Analengeza kuti apanga udindo watsopano m'gulu, ndipo woyenera ndi ine ndekha: wofufuza ngati munthu wamwaliradi gulu lisananyamuke. Anthu anavomereza ndi nthungululu.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikupirira. Koma Che Jafali anaphunzitsa Oksana Chichewa cha mawu ochepa. Ndiye akabwera ku hotela kudzatenga mwamuna wake, amaima patsogolo panga, ma-delegate akudutsa, n'kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu:

"A Kazembe, ndikadali moyo!"

Ine n'kuwomba sawatcha, n'kumutsegulira chitseko.

Za mayiko akuluakulu ndimazitsatabe, koma masiku ano ndisanayambitse nyimbo ndimayamba ndasuzumira kuchipinda.