Msuku wa Bambo Ukadali M'foni

Mukadzafika kwathu ku Biriwiri n'kumva ana akuitana "aKadontho", musavutike kufunsa kuti ndani. Ndine. Dzinali ndinachita kuliyendera wapansi, zikhomo zili kukhwapa, mudzi wonse ukuonerera.

Bambo anga anakhalitsa kumigodi ku Joni, ndipo anatisiyira zinthu ziwiri: nyumba ya malata ndi munda wa mbatata ya kachewere wogundana ndi wa aNgozo, mnzawo amene ankagona naye chipinda chimodzi kumgodiko. Malire ake anali mtengo wa msuku, basi. Pa maliro a bambo nkhuni zinachepa, anyamata n'kugwetsa msukuwo. Tonse tinaotha moto wake, ndi aNgozo omwe, osazindikira kuti tikuotha malire.

Zaka zitapita, chitsa chitakwiririka m'mizere, mlongo wanga Nachisale anayamba kukangana ndi aNgozo. Iye ankati msuku unali kumtunda, iwo ankati kumunsi. Moni anatha. Chonsecho mlongo wangayo ndi wamasiye, ana ake amadalira munda umenewo, ndipo ngolo yotengera kachewere wake kumsewu inali ya aNgozo omwewo. Nthawi yokumba inali pafupi.

Ndiye ndinanyamuka ku Lilongwe kuti ndikathetse nkhaniyo (palibe anandipempha, ndinene zoona).

Ndinayamba ndi mapu akale a boma amene ndinabwereka kwa mnzanga wophunzitsa jogalafe. Okongola zedi, mapiri onse ndi mitsinje yomwe. Koma mudzi wathu wonse unali wochepa kuposa njere ya nyemba, ndipo nditalemba mzere ndi pensulo, mzerewo unaphimba munda wathu, wa aNgozo ndi tchalitchi chomwe. Ndinawapinda mwaulemu.

Kenako ndinatsegula mapu a m'foni, aja ojambulidwa kuchokera kumwamba. Abale, ndinakhala pansi. Malata a bambo akunyezimira, khola, mizere ili ndondondo, zonse monga amazionera khwangwala. Ndinakuza chithunzicho ndi zala, ndipo pakati pa minda iwiriyo panali msuku, wamoyo, mthunzi wake uli pansi. Chithunzicho chinali chakale, chojambulidwa bambo akadalipo. Ndinachita mantha ngati ndasuzumira m'manda n'kupeza anthu akulima.

Apa mpamene ndikanalekera. Koma m'mapumo munali kadontho kabuluu kosonyeza pamene munthu waima, ndipo ndinaganiza kuti ndikayenda mpaka kadonthoko katakhala pa msuku, malire apezeka. Ndinasema zikhomo, ndinaitana aNgozo, anthu enawo anabwera okha.

Ndinayenda maso ali pafoni. Kadontho kanafika pamtengo, ndinakhoma chikhomo, n'kuyang'ana anthu monyadira. Pobweza maso, kadontho kasamukira kumtunda. Ndinazula, ndinakatsatira, ndinakhomanso. Kanathawiranso chakumadzulo. Ndinadutsa m'kabichi wa aNgozo (ena ndinawaponda, Mulungu andikhululukire), ndikukhoma paliponse pamene kapumira, mpaka chikhomo china chinakathera kuseri kwa chimbudzi chawo.

"Mwana wa mnzanga," anatero aNgozo mofatsa, "ndiye kuti chimbudzichinso ndi cha bambo ako?"

Ndinawauza kuti makina sanama. Ndisanatseke pakamwa foni inalira: uthenga wa Chipwitikizi wondilandira ku Mozambique. Kwathu n'kumalire ndithu, koma ine ndinali nditaima pakhomo pa munthu amene amavota ku Ntcheu. Wina anaufotokozera gulu uthengawo, ndipo amayi ena anaseka mpaka kukhala pamzere. Nachisale sanaseke. Anali kuyang'ana kabichi wophwanyikayo, ndipo ndinadziwa kuti ngolo ija ndaikankhira kutali kuposa kale.

Ndinapereka foni kwa aNgozo kuti adzionere okha. Anaigwira ndi manja awiri, n'kuitalikitsa ku maso. Ndinawalozera msuku, koma iwo sanali kuona msuku. Chala chawo chinali pa kamzere koyera kochokera pakhomo pawo, kudutsa pansi pa mtengowo, kukathera pakhonde pa bambo. Ine sindinakaone n'komwe.

"Aka n'chiyani?" anafunsa.

Nachisale anasuzumira, nati chapansipansi, "Ndi njira yanu ija, bambo."

Inalidi njira imene awiriwo anaiponda ndi mapazi awo popita kukachezerana, kukambirana za kumgodi. Pansi pano inali itamera udzu kalekale, mbali ina italimidwa. Koma kumwamba inali kuonekabe, yoyera ngati yasesedwa m'mawa womwewo. Amene ankaseka aja analeka okha.

ANgozo atabweza foni anaitanitsa makasu awiri, limodzi napatsa mlongo wanga. Anaima pakhomo pawo, nayang'ana khonde lathu, n'kuyamba kuyenda monga ankayendera kale, ife tikutsatira. Pamene anaima panalibe kanthu. Anakumba apa, osapeza, Nachisale anakumba apo, osapezanso, mpaka khasu linagunda chitsa chowola. Sichinali kumtunda kumene ankanena mlongo wanga, sichinalinso kumunsi kwa aNgozo. Chinali pakati, ndipo palibe chikhomo changa ngakhale chimodzi chimene chinayandikirapo.

Ngolo inabwera nthawi yokumba. Ine ndinakhala masiku otsala a tchuthi ndikubzala mbande za kabichi m'dimba la eni, ana akundifunsa ngati ndafika kale ku Malawi.

Mwina mukuganiza kuti ndinasiya mapu a m'foni. Ayi. Malire sindifuniranso mmenemo, amenewo ali m'dothi, ndipo Nachisale anabzalapo msuku wina. Koma ndikatopa kuntchito ndimatsegulabe, n'kukuza ndi zala mpaka kanjira kaja kaonekere. Mnzanga wa jogalafe akuti zithunzi zimenezi amazisintha, tsiku lina ndidzapeza chatsopano. Ndiye nthawi iliyonse ndikamatsegula mtima umagunda, kuopa kuti bambo awagwetsera msuku wawo kachiwiri.